Achimwene, musagule kaye nsapatozo

Eee, achimwene, mwaswera bwanji ku Lilongwe? Uthenga wanu ndaumvera pompano, ndinali ndi makasitomala. Mukuti mukufuna kugulira mphwanu nsapato zakuda popeza akukayamba Fomu 1, achemwali akuuzani kuti amavala 6, koma pa kaunjika mwapeza ina yolembedwa 39, ina 40, ina 7, ndiye mutu waima. Ndalamayo ibwezeni kaye m'thumba. Pajatu ine nsapato ndimaswera nazo pamsika wa Kasungu pano.

Manambala amenewo si a dziko limodzi, koma m'belo zimabwera zosakanikirana. 6 amene akunena achemwaliyo ndi wa ku UK, mawerengedwe omwe tinazolowera kuno, omwenso amagwiritsa ntchito ku Joni. 39 ndi 40 ndi a ku Ulaya, monga Italy ndi Germany. 7 uja ndiye muyang'anitsitse, pambali pake palembedwa US kapena UK? A ku America pa nsapato za amuna amakwera ndi imodzi, makampani ena ndi theka chabe, koma pa za akazi amakwera ndi ziwiri. Ndiye mukhoza kunyamula 7 wa akazi, yemwe kwathu kuno ndi 5, mwana phazi osalowa n'komwe. Komanso kakweredwe kake n'kosiyana. Kuchoka pa 6 kufika pa 7 wa UK, nsapato imatalika ndi mamilimita pafupifupi 8 ndi theka, pomwe kuchoka pa 39 kufika pa 40 sakwana n'komwe 7. N'chifukwa chake 6 wathu yemweyo kampani ina imati 39, ina imati 40, ndipo palibe akunama.

Ine zimene ndimakhulupirira ndi phazi lenilenilo. Achemwali, ndikudziwa mukumvera, ntchito iyi ndi yanu ku Santhe komweko. Mumuyeze madzulo, osati m'mawa, chifukwa munthu akayenda tsiku lonse phazi limafufuma pang'ono. Avale masokosi omwe azikavala kusukuluwo. Ikani pepala pa simenti, osati pa mphasa, aimirire chidendene chitagunda khoma. Aimirire ndithu, asakhale pampando, phazi limatambasuka likasenza thupi. Kenako lembani kamzere pomwe pathera chala chachitali. Ena chachitali sichikhala chachikulu chija, chimakhala chachiwiri. Yezani mapazi onse awiri, nthawi zambiri lina limaposa linzake, ndiye mutenge lalikululo. Rula yake ya masamu ikwana, mutilembere masentimita muno m'gulu.

Musaiwale m'lifupi. Ife a kwathu mapazi athu ndi otambalala ngati a malemu abambo, ndipo mnyamatayu watengera komweko, ndinamuona pa Khrisimasi atavala patapata. Zungulizani tepi ya telala pamalo otakata paja, pansi pa zala. Nsapato zosongoka kutsogolo, achimwene, muzingozidutsa ngakhale zikongole bwanji.

Mukalandira masentimitawo, tukulani kalilime ka nsapato. Zambiri zimalembedwa CM kapena JP, monga 25, zina 250, amenewo ndi mamilimita. Nambala imeneyo ndiyo imayandikira kwambiri kutalika kwa phazi. Ngati zolembazo zinafufutika, chitani za agogo zija. Mukukumbukira ankatithyolera kamtengo kolingana ndi phazi n'kupatsira munthu wopita kutauni? Nzeru imeneyo ikugwirabe ntchito. Dulani kamtengo kofanana ndi muyezowo, kalowetseni m'kati mpaka kutsogolo, kumbuyo kutsale mpata wolowa chala chanu, sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka.

Apa ndiye ndikupempheni, musalole wogulitsa akuuzeni kuti ikuthina lero koma itanuka. Wanga wachiwiri uja ndinamugulira yotero ndisanayambe geniyi, nditamvera mawu omwewo. Mwana sanadandaule, ankaopa kuti ndimukalipira. Ndinadzaona tsiku lina akuvula masokosi, chikhadabo cha chala chachikulu chitada bii, kuchidendene kuli matuza ophulika. Mpaka lero zimandiwawa mumtima. Chikopa chenicheni chimamasuka pang'ono m'mbali, koma m'litali ayi, ndipo zapulasitiki zonyezimira zija sizisuntha n'komwe. Nayonso yaikulu kwambiri, ija timati akulira momwemo n'kuikamo mapepala kutsogolo, imavuka kuchidendene, mwana amayenda chokoka, ndipo imathyoka pakati chaka chisanathe. Akukula inde, koma mpata wa chala uja ndi wokwanira.

Pa kaunjika gundanitsani nsapato ziwirizo pansi ndi pansi muone ngati zikulingana, chifukwa zina zimakhala zofanana maonekedwe koma manambala osiyana. Onaninso chidendene ngati sichinadyeke mbali imodzi, ndipo muipinde pang'ono muone ngati soli sikusweka. Mufunsenso wogulitsayo ngati angalole kusintha ikapanda kukwana, ambiri amavomera mukagwirizana musanalipire.

Mukaipeza, jambulani pansi pa kalilimepo munditumizire ndione. Achemwali, inu muyezeni lero lomwe akabwera kudimba, achimwene asachoke m'tauni opanda muyezo.