Tifunseni: Kukhala mu motorhome chaka chonse

FUNSO: Akonzi, ine ndi mayi akunyumba timakhala ku England ndipo tagula motorhome (galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira) yakale ya Fiat Ducato. Tikufuna kusiya za lendi, tizikhala momwemo uku tikuyenda. Tikuganiza zoikamo sola, mabatire ena, thanki yaikulu ya madzi ndi poika njinga kumbuyo. Tiyambire pati? Bambo a ku Leeds.

YANKHO: Bambo, musanagule ngakhale waya, pitani kaye pa sikelo. Ngati laisensi yanu ndi wamba ya gulu B, yomwe munapeza kuyambira mu 1997, galimotoyo ndi zonse zili m'katimo isapitirire makilogalamu 3,500. Yolemera kuposa pamenepo imafuna laisensi ya C1. Motorhome zambiri zimakhala zitayandikira kale malirewo musanaikemo n'komwe poto.

Thirani dizilo ndi madzi mpaka kudzaza, longezani katundu, kwerani nonse awiri, mupite pa sikelo ya magalimoto. Yezetsani galimoto yonse, kenako matayala akumbuyo okha. Pa kachitsulo ka kufakitale kolembedwa nambala ya chasisi pali manambala anayi a kulemera: yoyamba ndi malire a galimoto yonse, yachitatu ndi ya ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala) yakutsogolo, yachinayi ndi ya yakumbuyo. Yakumbuyoyi ndi imene imagwetsa anthu ambiri, chifukwa chilichonse chopachikidwa kuseri kwa matayala chimapanikiza ekiseloyo kuposa kulemera kwake, kwinaku chikupeputsa kutsogolo. Thanki yaikuluyo muiganizirenso bwino: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi.

Za magetsi, werengerani kaye zomwe mumatha pa tsiku. Filiji, magetsi ounikira, hita ndi kutchaja mafoni zimatha kufika 70 kapena 80Ah (Ah ndi muyeso wa moto wosungidwa m'batire). Batire wamba wa 100Ah mumangogwiritsa theka lake, mukamamukhetsa kupitirira pamenepo sachedwa kufa. Wa lithium mumamugwiritsa pafupifupi yense, komanso kulemera kwake ndi theka la winayo kapena kucheperapo, choncho 200Ah ya lithium ndiye yoyenera anthu awiri. Koma sasinthidwa ngati batire wa wailesi ayi. Tchaja yakale ya m'galimotomo mwina siigwirizana naye, ndipo satchajidwa kukazizira kutsika pa 0°C, apo ayi amawonongeka. Muikeni m'kati, osati m'bokosi lakunja.

Sola musamudalire kwambiri. Mapanelo a 200W amakwanira mu June, koma mu December dzuwa la ku England limangooneka ngati mlendo wodutsa. Chokuthandizani nthawi imeneyo ndi tchaja ya DC-DC, yotenga moto ku injini. Ya 30A, mukayenda maola awiri, yabweza 60Ah. Fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi batire, ndipo waya musaumire: inveta (chosinthira moto wa batire kukhala ngati wa m'nyumba) ya 1,000W imakoka ma amp pafupifupi 90 pa 12V, moti waya woonda amatentha mpaka kuyatsa moto. Ketulo yamagetsi iwaleni, madzi muziwiritsa pa gasi.

A inshulansi muwauze kuti muzikhalamo nthawi zonse, pakuti mapangano ambiri ndi a anthu oyendera tchuthi chabe.

FUNSO: M'nyengo yozizira mawindo a motorhome yathu amadzuka ali chonyowa, pansi pa matiresi pachita chuku, ndipo m'mawa gasi sayaka bwino ngakhale silinda ili ndi gasi. Chalakwika n'chiyani? Mayi a ku Glasgow.

YANKHO: Mayi, za gasizo n'zosavuta. Muyenera kuti muli ndi gasi wa butane, yemwe amasiya kutuluka kuzizira kukayandikira 0°C. Sinthani mutenge propane, amene amagwirabe ntchito mpaka cha m'ma -40°C. Muonetse kwa katswiri wa gasi ngati regyuleta (chochepetsera mphamvu ya gasi) ndi paipi zanu zikugwirizana naye.

Chinyezicho chikuchokera kwa inu nomwe: mpweya wopuma, nthunzi ya m'poto, zovala zonyowa, ndi moto wa gasi womwe umatulutsa madzi ukamayaka. Anthu akamva kuzizira amatseka paliponse, ndiye vuto limakula. Siyani kawindo ka padenga kali kotsegula pang'ono usiku wonse, ndipo pophika muzitsegula windo. Matiresi asagone pa thabwa lathunthu. Ikani timatabwa totalikirana kapena boolani mabowo kuti mpweya uzidutsa.

Kutentha kwabwino ndi kwa hita ya dizilo, yomwe utsi wake umatulukira panja. Ya 2kW simatha kupitirira kota ya lita pa ola, koma poyaka imakoka moto wambiri kwa mphindi zochepa, ndiye batire akafooka imangozima yokha.

Chitofu musachiyese chowothera. M'galimoto yotseka chimapha mofanana ndi mbaula m'chipinda, ndi mpweya wa carbon monoxide umene sununkha. Gulani alamu yake muiike kufupi ndi pogona. Kabowo ka pansi m'bokosi la masilinda musakatseke ndi nsanza poopa mphepo: gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akamadontha amatsikira pansi, ndipo potulukira pake ndi pomwepo.