Ntchito ya zachitetezo popanda kuvala yunifomu

Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo wamkazi amakonda za ndege zankhondo ndi ma drone, koma usilikali sakuufuna. Akufunsa ngati pali khomo lina lolowera, komanso maphunziro oti atsate.

Mayi, khomo lilipo. M'mayiko ambiri asilikali amagwiritsa ntchito zida zopangidwa ndi makampani omwe si aboma. Boma limanena chomwe likufuna, limaitana makampani kuti apikisane pa ntchitoyo, ndipo kampani yopambana imapatsidwa kontirakiti. Ndege ya F-35 imapangidwa ndi Lockheed Martin ya ku America. Ma drone a Bayraktar TB2 ndi a Baykar, kampani ya banja ku Turkey. Embraer ya ku Brazil, yomwe imapanga ndege za Super Tucano, inali ya boma mpaka 1994. India nayo idatsegulira makampani oima paokha ntchitoyi mu 2001.

Mkati mwa makampaniwa muli mainjiniya, owotcherera zitsulo, olemba mapulogalamu a kompyuta, ogula katundu, owerengera ndalama ngakhale maloya. Pali munthu amene tsiku lonse amayeza mabawuti a phiko la ndege, n'kumaona pa pepala kuti chitsulo chake chidachokera kuti. Akapeza limodzi losalongosoka, amabweza bokosi lonse. Ntchito imeneyi ine ndimailemekeza kwambiri, chifukwa moyo wa woyendetsa ndege uli m'manja mwake.

Koma pali chimene ana ambiri amachidziwa mochedwa. Ntchito zambiri za zinsinsi zimaperekedwa kwa nzika za dzikolo basi, ndipo boma limayamba lafufuza mbiri ya munthu: milandu, ngongole, anthu amene amacheza nawo. Ku America malamulo a malonda a zida otchedwa ITAR amaletsa kuonetsa munthu wa dziko lina mapulani a zida popanda chilolezo, ngakhale atakhala katswiri wotani. Komanso kasitomala wamkulu ndi mmodzi, boma. Likachepetsa bajeti, ntchito zimatha. Cold War, mkangano wa America ndi Soviet Union, itatha, makampani ambiri adachotsa anthu n'kuphatikizana, ndipo Lockheed Martin yomweyo idabadwa choncho mu 1995.

Ndiye mwanayo asasankhe digiri yopapatiza ya zida zokha. Alimbikire masamu ndi fizikisi, kenako atenge uinjiniya wa makina, wa magetsi kapena wa kompyuta. Luso lomwelo limafunika m'makampani a ndege za anthu wamba, a galimoto, a migodi ndi a matelefoni. Ngati yunivesite yavuta, koleji ya ntchito zamanja isamuchititse manyazi, pakuti wodziwa kuwotcherera kapena kuyendetsa makina a CNC, odula zitsulo molamulidwa ndi kompyuta, amasowa.

Mukhalenso naye pansi mukambirane za chikumbumtima. Zida zankhondo zimateteza, komanso zimapha, ndipo kampani imafuna phindu. Pangano la Arms Trade Treaty, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2014, limalamula mayiko kuunika kumene zida zikupita asanazigulitse, koma si onse adalowamo. Akadzaitanidwa ku intavyu, adzafunse kuti kampaniyo imagulitsa kwa ndani. Ali ndi ufulu womva yankho asanasaine.