Mnyamata wa timu ya Reserve sakulipidwa ndipo akumukaniza kuchoka: lamulo likuti chiyani?

Bambo a ku Kawale, mwalemba kuti mwana wanu wa zaka 19 amasewera mu timu ya Reserve ya kalabu ina ya mu Super League konkuno ku Lilongwe. Miyezi itatu yatha osalandira kanthu, timu ina ikumufuna, koma akuluakulu akukana kumumasula. Mwafunsanso ngati nkoyenera kuti timu yakeyo singakwere ligi ngakhale itakhala pamwamba.

Ndiyambe ndi lomalizali, poti silivuta. Timu ya Reserve ndi timu yaikuluyo mwiniwake ndi mmodzi, ndipo matimu awiri a mwini mmodzi saloledwa kukhala mu ligi imodzi kuopa kuti angamapatsane mapointi. Nchifukwa chake Reserve imatsalira mu ligi ya m'chigawo, yomwe kuno imayendetsedwa ndi Central Region Football Association. Apa palibe mlandu woti mungakasume.

Nkhani yeniyeni ili papepala lomwe mwanayo anasaina. Malamulo a FIFA amagawa osewera pawiri basi. Wosewera wa professional ndi amene ali ndi kontirakiti yolembedwa ndipo amalandira ndalama zoposa zomwe amagwiritsa ntchito posewera mpirawo, monga thiransipoti ndi chakudya. Wina aliyense ndi amateur. Dzina loti Reserve silisintha kanthu. Tsono kafunseni kope la zomwe anasaina, chifukwa anyamata ambiri amasaina fomu yolembetsera mu ligi nkumaganiza kuti ndi kontirakiti, pomwe ena amasaina kontirakiti ya zaka zingapo osaiwerenga, mtima uli pa jezi. Muonenso tsiku lomwe anasaina: ngati anali asanakwane zaka 18, FIFA sivomereza kontirakiti yopitirira zaka 3.

Ngati ndi amateur, kalabu ilibe kontirakiti yomumangira nayo. Angofunika clearance, chomwe ndi chikalata chomumasula ku timu yakale, ndi kulembetsedwa ku timu yatsopano nthawi yomwe msika wa osewera uli wotsegula. Akuluakulu akamanena za ndalama zomwe anawononga pomukuza, nkhani imeneyo ndi ya pakati pa makalabu awiriwo. Inu monga kholo musatulutse ndalama m'thumba mwanu.

Ngati ali ndi kontirakiti, asangonyamuka. Wosewera wochoka popanda chifukwa chomveka atha kulamulidwa kulipira chipepeso kapena kuimitsidwa kusewera. Kusalipidwa ndi chifukwa chomveka, koma kuli ndi ndondomeko yake. Mfundo ya FIFA ndi yoti kalabu ikalephera kulipira malipiro a miyezi iwiri, wosewera ailembere kalata yoipatsa masiku osachepera 15 kuti ilipire zonse, ndipo ikapanda kutero atha kuthetsa kontirakiti. Poti mkanganowu ndi wa Mmalawi ndi kalabu ya m'Malawi, oweruza adzayamba kuona malamulo a FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, choncho pemphani kope lake musanalembe. M'kalatamo mutchule miyezi ndi ndalama zake, musiyanitse malipiro a pamwezi ndi bonasi ya magemu, ndipo wolandira asainire pa kope lanu. Mauthenga a pa WhatsApp ndi umboni wa ndalama zomwe ankalandira kale musafufute.

Masikuwo akatha, dandaulo lipite ku FAM, ku komiti ya Players' Status, yomwe imamva nkhani za kusamuka kwa osewera. Ine ndikadayambira kumeneko, chifukwa ndi komwe kuli mphamvu pa clearance, ndipo mnyamata wa zaka 19 akakhala sizoni yonse panja, phazi limazizira.

Mudzamva ena akuti za mpira sizipita kukhothi. Pa nkhani za ligi ndi zilango ndi zoona, koma wosewera wolipidwa ndi wantchito, ndipo Employment Act ya chaka cha 2000 imamuteteza. Malipiro osaperekedwa mutha kukawadandaula ku ofesi ya Leba ya boma la Lilongwe, ndipo zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi la nkhani za ntchito. Akamuchotsa chifukwa cha kalatayo, gawo 57 limati bwana akhale ndi chifukwa chomveka ndiponso amve mbali ya wantchito, ndipo dandaulo lifike ku Leba pasanathe miyezi itatu. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau.

Pakadali pano apitirize kupita ku treningi, kuti asamunamizire kuti anathawa ntchito, ndipo asasewerere timu inayo gemu ya ligi clearance isanatuluke. Akatero timuyo itha kulandidwa mapointi, iye nkulangidwa. Koma ngati kontirakiti yatsala ndi miyezi 6 kapena kucheperapo, ali ndi ufulu wosainirana ndi timu yatsopanoyo panopa, nkudzayamba kuisewerera yakaleyo ikatha.