Mwanayo asankhe Benjamin Franklin

Amayi, mwati mwana wanu wapatsidwa ntchito kusukulu yolemba za makolo ndi ubwana wa mmodzi mwa anthu amene anayambitsa dziko la America, ndipo akusowa kuti atenge uti, George Washington kapena Benjamin Franklin. Ine ndikuti atenge Franklin, asachedwe nazo.

Za ubwana wa Washington zodalirika n'zochepa. Anabadwa mu 1732 ku Virginia, bambo ake a Augustine anamwalira iye ali ndi zaka 11, ndipo pa chuma chamasiye analandira munda ndi akapolo 10. Zikatha zimenezi ana ambiri amathamangira nthano ija yoti anadula mtengo wa bambo ake ndi kankhwangwa kenaka n'kuulula yekha chifukwa sankatha kunama. Nthanoyo anaipeka ndi mlaliki wina, Mason Weems, mu 1806, mwiniwake atamwalira kale. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake akaiona adula malikisi.

Franklin analemba yekha mbiri ya moyo wake, ndipo anayambira pa makolo. Mu 1758 ali ku England anapita kumudzi kwawo kwa bambo ake, ku Ecton m'chigawo cha Northamptonshire, kukafufuza m'kaundula wa tchalitchi. Banja lawo linali la osula zitsulo, ndipo ntchitoyo pamodzi ndi malo zinkapita kwa mwana wamwamuna woyamba. Iye anapeza kuti ndi mwana wamwamuna womaliza wa mwana wamwamuna womaliza, mibadwo 5 motsatizana. Apa mwana wanu akhazikikepo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani: anthu a mzere umenewu sankalandira malo, aliyense ankadziyambira yekha. Bambo ake a Josiah anaphunzira kunyika nsalu mu utoto, n'kusamukira ku Boston mu 1683. Kumeneko ntchito ya utoto inalibe msika, basi anayamba kupanga makandulo ndi sopo.

Kuchikazi asakusiye, ife kuno timadziwa kulemera kwake. Mayi ake a Abiah Folger anali a pachilumba cha Nantucket, ndipo anali mkazi wachiwiri wa a Josiah, woyamba atamwalira. Bambo a Abiah, a Peter Folger, anali mphunzitsi komanso womasulira pakati pa Angerezi ndi eni nthaka a kumeneko. A Josiah anabereka ana 17 onse pamodzi, Benjamin anali wa nambala 15.

Sukulu anaphunzira zaka ziwiri zokha. Ali ndi zaka 8 anamutumiza ku Boston Latin School kuti adzakhale mbusa, bambo ake akumuyesa chakhumi cha ana awo aamuna. Atawerengera ndalama za kukoleji anasintha maganizo, n'kumupititsa kwa mphunzitsi George Brownell, komwe kulemba anakhoza koma masamu analephera. Pa zaka 10 anali m'shopu kudula zingwe za makandulo ndi kuthira mafuta m'zikombole, ntchito imene ankadana nayo moti ankafuna kuthawira kunyanja kukakhala wa pasitima. Pa zaka 12 anamumanga pangano kwa mkulu wake James, wosindikiza mabuku, kuti akhale pansi pake mpaka atakwanitsa zaka 21. James ankamumenya. Mu 1722 mnyamatayu ankalemba makalata m'dzina la mayi wamasiye wopeka, Silence Dogood, n'kumawalowetsa kunsi kwa chitseko usiku, ndipo mkulu wakeyo anawasindikiza m'nyuzipepala yake ya New-England Courant osadziwa mwini wake. Mu 1723, ali ndi zaka 17, anathawira ku Philadelphia. Nkhani ya ubwana ithere pomwepo, za magetsi ndi ndale ndi mutu wina.

Achenjere pa zinthu ziwiri. Tsiku lobadwa apeza ena akulemba 6 Januwale, ena 17 Januwale 1706. Onse akulondola: Britain inasintha kalendala mu 1752 ndipo masiku anasuntha ndi 11. Alembe 17, afotokoze chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Komanso Franklin analemba za ubwana wake ali ndi zaka 65, ndiye pena anaphonya. Iye anati bambo ake anasamuka cha mu 1682, pamene akatswiri a mbiri amati ndi 1683. Pamadeti otere mwanayo atsatire akatswiriwo.