Kwa mayi amene mwana wawo akumagwagwa ndi kudzuka mogwira mawondo

Amayi inu amene mwalemba za mwana wanu wamwamuna wa zaka 5, woti akumangogwagwa, amayenda chonyang'ama, akakhala pansi amadzuka mochita kukwawira manja pa mawondo ndi ntchafu zake, chonsecho akatumba a miyendo ndi otupa ngati a wosewera mpira: ndawerenga ndemanga zonse, za poliyo, za kusowa zakudya m'thupi, za tsempho, mpaka amene akuti mupite naye kukatemera mphini. Koma chakumapeto munalemba mongodutsa kuti mlongo wanu nayenso anasiya kuyenda ali ku pulaimale ndipo anamwalira asanakwanitse zaka 20. Mukafika kwa adokotala, muyambire pamenepo, musanatchule china chilichonse.

Pa foni palibe angakuuzeni dzina la matenda. Komabe dokotala wa ana akamva zimene mwafotokozazi, choyamba kuganizira chimakhala matenda akumtundu otchedwa Duchenne muscular dystrophy. Amagwira pafupifupi anyamata okhaokha, mmodzi mwa anyamata 3,500 mpaka 5,000 obadwa, ndipo sasankha dziko kapena mtundu wa anthu. Kadzukidwe kogwira mawondoko madokotala amakadziwa kuyambira kalekale, amakatchula chizindikiro cha Gowers, kutengera dzina la dokotala wa ku Britain amene anakafotokoza mu 1879. Akatumba aakuluwo asakunamizeni. Si mphamvu ayi, minofu ikamawonongeka, malo ake mumalowa mafuta ndi zipsera.

Amene akunena za poliyo ndikuwamvetsa, poti tonse tikukumbukira katemera wa khomo ndi khomo mwana wa ku Lilongwe atapezeka ndi matendawa mu 2022. Koma poliyo amagwetsa mwana mwadzidzidzi, thupi litatentha, ndipo kawirikawiri amalefula mbali imodzi kuposa inzake, kenako amaima pomwepo. Kulumala kobwera ndi malungo aakulu kapena kubadwa movutikira kumaumitsa miyendo gwa. Za mwana wanuzi zikubwera pang'onopang'ono, miyendo yonse iwiri mofanana, kuyambira m'chiuno ndi m'ntchafu, ndipo chaka chino zaipa kuposa chaka chatha.

Tsono muyambire apa. Pemphani kalata ku chipatala cha kwanuko yopita kwa madokotala a ana pa chipatala chachikulu, kaya ku Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu Central, ndipo mukafunse kuti amuyeze magazi a CK, kutanthauza creatine kinase. Chimenechi ndi chinthu chimene chimakhala m'kati mwa minofu, ndipo minofu ikamang'ambika chimatayikira m'magazi. Mwa munthu wabwinobwino nambala yake sipitirira kwenikweni 200. Mwa mwana wa Duchenne imakwera mochita kudabwitsa, nthawi zambiri kupitirira 10,000. Ngati labu ya boma ilibe zoyezera tsiku limenelo, malabu ena olipira amayeza. China choti mudziwiretu: ana oterewa akayezedwa magazi a chiwindi, ALT ndi AST zimapezekanso zokwera, ndiye banja limatha miyezi likuthamangitsa matenda a chiwindi omwe kulibe, pomwe gwero lake ndi minofu yomweyo.

CK ikakwera chonchi, imangonena kuti minofu ikuwonongeka. Siinena chifukwa. Chifukwacho chimapezeka poyeza DNA, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse, popeza ambiri amasiyira pa CK n'kumati zakwana.

M'maselo mwathu muli DNA, malangizo opangira chilichonse cha m'thupi, ndipo chidutswa chilichonse cha malangizowo chimatchedwa jini. Jini imene ikukhudzidwa apa ndi yopangira puloteni yotchedwa dystrophin, imene imalimbitsa khungu la selo ya mnofu kuti lisamang'ambike munthu akamayenda. Jiniyi inapezeka mu 1986 ndi gulu la Louis Kunkel ku Boston, ndipo ndi imodzi mwa zikuluzikulu kwambiri m'thupi la munthu. Muiyerekeze ndi buku la masamba 79. Mwa ana pafupifupi awiri mwa atatu alionse odwala matendawa, tsamba limodzi kapena angapo anathothoka. Mwa ena ochepa tsamba linabwerezedwa kawiri. Mwa otsalawo masamba onse alipo, koma penapake chilembo chimodzi chinalakwika. N'chifukwa chake kuyeza kumayamba ndi njira yotchedwa MLPA, imene imangowerenga ngati masamba onse 79 alipo. Ikapanda kupeza kanthu, sizitanthauza kuti mwana alibe matendawa, koma kuti pakufunika kuwerenga chilembo ndi chilembo, zomwe amati sequencing. Pali mabanja amene amabwerera kunyumba akusangalala kuti zotsatira zoyamba zatuluka bwino, pomwe ulendo unali utangofika pakati.

Mwanayo sachita kukwera ndege. Amangomutenga magazi pang'ono m'kabotolo ka chivindikiro chapepo, ndipo magaziwo ndi amene amatumizidwa, kawirikawiri ku South Africa, kumene malabu a National Health Laboratory Service ku Johannesburg ndi Cape Town amayeza matenda akumtundu. Pamafunika ndalama ndipo zotsatira zimatenga milungu ingapo. Zodula kachidutswa ka mnofu, zimene kale zinali njira yokhayo, masiku ano sizifunika kawirikawiri DNA ikayankha.

Mwina mukufunsa kuti, ngati mankhwala ochiziratu kulibe, ndiwonongerenji ndalama? Choyamba, pali matenda ena ofanana nawo. Becker amachokera pa jini yomweyo koma amayenda pang'onopang'ono, ena amayendabe mpaka kukula. Palinso spinal muscular atrophy, SMA, amene vuto lake lili m'mitsempha ya pamsana osati m'minofu. Amenewo amagwira anyamata ndi atsikana omwe, CK sikwera kwenikweni, jini yake ndi ina yotchedwa SMN1, ndipo mwana amadwala pokhapokha atatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, mwayi wake n'kukhala umodzi mwa inayi pa mimba iliyonse. Chisamaliro chake n'chosiyana, ndiye kungoganizira sikokwanira.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ndiye chachikulu, zotsatirazo si za mwana wanu yekha, ndi za mbumba yonse. Jini ya dystrophin ija imakhala pa chromosome X, umodzi mwa mitolo ya majini m'maselo mwathu. Mwana wamwamuna ali ndi X mmodzi yekha, wochokera kwa mayi ake, pomwe wamkazi ali ndi awiri, wina n'kumaphimba mnzake. Choncho mkazi amatha kunyamula vutoli osadwala, n'kupatsira ana. Matendawa amatsata mzere wa akazi, n'kumaonekera mwa malume ndi mwana wa mlongo wake. Mwa ana pafupifupi mmodzi mwa atatu vutoli limangoyamba mwa mwana yekhayo, mayi alibe. Koma inu, poti mlongo wanu zinamuchitikiranso, sindikubisirani: zikatsimikizika kuti ndi Duchenne, ndiye kuti mukuinyamula. Mwana wamwamuna aliyense amene mungabereke ali ndi mwayi theka wodwala, wamkazi aliyense theka wonyamula, ndipo mimba iliyonse imayambira pachiyambi, zilibe kanthu kuti wapitayo zinamuthera bwanji. Achemwali anu ndi ana awo aakazi nawonso zikuwakhudza. Labu ikadziwa tsamba lenileni limene linathothoka mwa mwanayo, kuyeza achibale kumaphweka chifukwa akudziwa poyang'ana. Inunso mukajambulitse mtima, popeza akazi ena onyamula jiniyi mtima wawo umafooka akamakula.

Ndikudziwa mawu amene angatuluke kuchimuna nkhaniyi ikamveka. Mukapite limodzi ndi bambo a mwanayo kuti akamve okha kwa adokotala, osati kudzera kwa apongozi. Palibe chimene munadya, chimene munalumpha kapena mwambo umene munaphwanya. Inu munalandira jiniyo musanabadwe, monganso mayi anu.

Ndipo si zoona kuti palibe chochita. Prednisolone, amene amapezeka m'zipatala zathu, amachedwetsa kufooka kwa minofu, mwana n'kuyendabe zaka zina ziwiri kapena kuposerapo, komanso amathandiza mapapo ndi msana. Popanda mankhwalawa ambiri amasiya kuyenda asanakwanitse zaka 12. Koma chonde musakagule nokha pa golosale. Amanenepetsa, amafewetsa mafupa, amatsegula khomo kwa matenda ngati TB, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa, ndiye mlingo wake azipereka ndi adokotala amene akumuona mwanayo pafupipafupi. Mtima wake uzijambulidwa chaka ndi chaka, poti nawonso ndi mnofu, ndipo mankhwala ngati enalapril amautchinjiriza. A mafizo akuphunzitsani kuwongola zidendene tsiku ndi tsiku kuti zisaume. Osamukakamiza kuthamanga kapena kukwera zitunda poganiza kuti alimba, zimenezo zimang'amba minofu. Aphunzitsi ake muwauze kuti si ulesi, ndipo ena mwa ana amenewa amachedwanso kuyankhula ndi kugwira za m'kalasi.

Pa intaneti mudzaona za mankhwala atsopano, ngati eteplirsen wa 2016 amene amangogwira kwa ana ochepa kutengera tsamba limene linathothoka, kapena Elevidys wa 2023 amene mtengo wake unapitirira madola 3 miliyoni ku America. Madokotala akukanganabe za phindu lake. Wina akadzakulemberani ku inbox kuti ali ndi mankhwala ochiziratu, musagulitse munda.

Pomwe mukudikira zotsatira, pemphani adokotala alembe pa tsamba loyamba la buku lake la kuchipatala kuti akumuganizira Duchenne. Mankhwala ena ogonetsa pa opaleshoni, makamaka suxamethonium ndi ena opumira ngati halothane, amatha kuimitsa mtima wa mwana wotere, ngakhale pa opaleshoni yaing'ono, ndipo wogonetsayo ayenera kudziwa asanamukhudze.