Ayi, si mafilimu olankhula amene anagwetsa William S. Hart

Akulu, mwafunsa ngati William S. Hart, katswiri uja wa mafilimu a makauboyi opanda mawu, anazimirira chifukwa kunabwera mafilimu olankhula. Ambiri amatero, koma zaka zikukana. Filimu yake yomaliza, Tumbleweeds, inatuluka mu 1925, pomwe mafilimu olankhula anayamba kufala mu 1927. Ndiponso mawu anali nawo mkuluyu. Asanalowe m'mafilimu anatha zaka zambiri akuchita zisudzo pasiteji ku New York, za Shakespeare zomwe. Filimu ija atayitulutsanso mu 1939 anayikapo chiyambi chomwe iye akulankhula yekha, kutsanzika anthu, ndipo liwu lake ndi lamphamvu ndithu.

Chinamugwetsa ndi kuumirira kwake. Hart anabadwa mu 1864 ku Newburgh, koma ali mnyamata anakhalako kumadera a kumadzulo kwa America, komwe anadziwana ndi anthu a mtundu wa Sioux. Choncho pomwe ankayamba mafilimu ndi Thomas Ince, mkulu wopanga mafilimu, mu 1914, ali kale ndi zaka 49, ankanyansidwa ndi makauboyi abodza a pakanema. Iye ankafuna fumbi lenileni, zovala zakutha, timatauni ta matabwa tosaoneka bwino. Nthawi zambiri ankasewera ngati chigawenga cha nkhope yaitali yosaseka, chomwe chimadzatembenuka mtima chikakumana ndi mkazi wolungama. Anthu anamukonda kwambiri, iye pamodzi ndi hatchi yake yamawangamawanga, Fritz.

Kenaka kunatulukira Tom Mix ku kampani ya Fox, ali m'malaya onyezimira ndi chipewa chachikulu, akuchita zodabwitsa pamsana pa hatchi yake Tony. Achinyamata anakhamukira kumeneko. Ndani angalipire tikiti kuti akaone nkhalamba ikulimbana ndi chikumbumtima chake pomwe pafupi pomwepo wina akudumphira pasitima yothamanga? Akuluakulu a Paramount, kampani yomwe Hart ankagwirako ntchito, anafuna kuti azimusankhira okha nkhani zoti asewere. Hart anakana, n'kuchoka. Ine ndimati anachita bwino, chifukwa akanatsanzira Mix akanangodzichititsa manyazi, ngakhale kukanako kunamuthetsera ntchito.

Tumbleweeds anayikapo ndalama zake. Muli chigawo chosonyeza mpikisano wolanda malo ku Oklahoma mu 1893, ngolo ndi mahatchi zikuthamanga mwauchinyama, chomwe mpaka lero anthu a mafilimu amachitama. Koma anadandaula kuti kampani yofalitsa mafilimu ya United Artists sinaigulitse moyenera, nakasuma kukhoti, ndipo mlanduwo unatha mu 1940 iye atawina.

Chosangalatsa n'chakuti pamaliro a Wyatt Earp, wapolisi wotchuka wakale wa kumadzulo kwa America, mu 1929, Hart ndi Mix onse anali m'gulu lonyamula bokosi. Hart anamwalira mu 1946, ndipo famu yake ya ku Newhall, ku California, anaisiyira boma la Los Angeles County kuti ikhale paki yoti aliyense azikaona.