Yankho kwa alamu pa za malo oika pampu ya petulo

Alamu, uthenga wanu ndaumvetsera kawiri, ndipo zithunzi za galimoto imene mukumanga kuseri kwa nyumba ku Chibavi ndaziona. Mwafunsa ngati pampu yamagetsi ija mungaimange m'boneti, pafupi ndi kabuleta ya injini ya Nissan 1400 imene mwaikamo, poti pamenepo pali malo ndiponso batire ili pafupi. Chonde musaiike pamenepo.

Pampu imene inabwera ndi injiniyo, ija yoyendetsedwa ndi injini yomweyo, anaipanga kuti izikoka petulo kuchokera kutali. Yamagetsi ndi yosiyana, chifukwa mphamvu zake zili pa kukankha, pamene pokoka ndi yofooka. Mukaiika kutsogolo thanki ili kumbuyo, iziyamwa petulo m'paipi yaitali, ndipo petulo wokokedwa motero pamalo otentha amasanduka mpweya m'paipimo, pampu n'kumangolira popanda chotumiza. Kuno ku Mzuzu tili pamwamba, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumalo okwera petulo sachedwa kuwira.

Izi ndinaziona ndekha ndikukwera Chiweta m'mwezi wa Okutobala, pa galimoto imene pampu yake ndinaimanga m'boneti. Pachitunda chotere thanki imatsalira m'munsi, choncho ntchito yokoka imakula nthawi yomwe injini ikufuna mafuta ambiri. Injini inayamba kutsamwa, kenaka inazima, ndipo pampu inkagunda mothamanga ngati mtondo wopanda chimanga. Ndinanyowetsa nsanza ndi madzi athu akumwa n'kuikulunga, ndipo tinakhala m'mbali mwa msewu mpaka itazizira, malole akutidutsa pafupi kwambiri. Sindikufuna kuti zimenezi zidzakuonekereni mlongo wanga ndi ana ali m'galimotomo.

Malo a pampuyo ndi kumbuyo, pafupi ndi thanki, pa chitsulo chachikulu chimene chanyamula galimoto, mbali ya mkati. Ikhale m'munsi mwa thanki kuti petulo azitsikira yekha m'pampu. Ngati malo akukanizani, ikhoza kukwera pang'ono, koma isapitirire masentimita 30 kuchokera pansi pa thanki, ndipo kukamwa kotulukira mafuta kuloze m'mwamba kuti mpweya usamatsakamire mkati. Pachithunzi chachiwiri ndaona kuti ekizozi yadutsa kumanja, ndiye pampu ndi mapaipi ake zipite kumanzere. Musaiike m'kati mokhala anthu ngakhale pang'ono. Muiphimbenso ndi kachitsulo kopyapyala kunsi, chifukwa matope a m'misewu yathu nthawi ya mvula mukuwadziwa, ndipo mwala umodzi wothamangitsidwa ndi tayala ukhoza kuthyola kukamwa kwa pampu.

Pakati pa thanki ndi pampu muikepo fyuluta. Thanki yanu mwachita kuwotcherera, ndipo thanki yotere siilephera kukhala ndi tizitsulo totsalira, timene timapha pampu msanga. Mapaipi a labala mugule atsopano, olembedwa kuti ndi a petulo, makamaka a chizindikiro cha R9, chifukwa petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amadya labala wakale mpaka kung'aluka. Onetsetsaninso zimene zalembedwa pa pampuyo. Kabuleta imafuna mphamvu yochepa yokankhira petulo, ma psi (muyeso wa mphamvuyo) 3 kapena 4, pamene pampu ya injini za injection, zopanda kabuleta, imakankha ma psi 40 kapena kuposa, moti mukaisokoneza petulo adzasefukira pa injini yotentha.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mawaya. Pampu yakale inkaima injini ikaima, koma yamagetsi imapitirizabe kupopa malinga kiyi ali wotsegula, ngakhale galimoto itagubuduzika ndipo paipi itaduka. N'chifukwa chake magetsi ake adzere pa fyuzi ndi pa relay (swichi imene imayatsidwa ndi kuzimitsidwa ndi magetsi), ndipo muikepo swichi imene imadula magetsi galimoto ikagunda chinthu. Swichi yotere imapezeka m'magalimoto ambiri a Ford, choncho mufunse kwa ogulitsa zipangizo zakale ku Luwinga. Ikasowa, mulumikize relay ku swichi ya oyilo yopangidwira ntchito imeneyi, kuti injini ikazima pampu nayo iziima. Pomanga pampuyo muike timalabala pa mabawuti kuti phokoso lake lisamamveke m'galimoto monse, koma mukatero mukumbukire kuipatsa waya wakewake wa earth wopita ku chitsulo, popeza labala sadutsa magetsi.

Musanaboole chitsulo chilichonse, mugwirizize pampuyo pamalo amene mwasankha, mujambule kuchokera pansi kuti thanki ndi ekizozi zioneke pamodzi, munditumizire pompano. Loweruka m'mawa ndibwera ndi geji yanga kuti tidzayeze mphamvu yake tisanalize injini.